Chaka Chimene Ndinayala Mphasa Ziwiri

Ndakumvani. Musayese kuti popeza maso anga achita chifunga ndiye kuti makutu nawonso anatha. Ndakumvani kuseri kwa khola mukuseka amanu, ati apenga, chifukwa avula juzi n'kumadzikupiza ndi chivundikiro cha poto pomwe chiperoni chikuwaza panja. Iwe Rute ndiwe unayambitsa, kaseke kako ka nkhanga ndimakadziwa. Tabwerani kuno nonse, tengani lichero ilo, nandoloyu sadzisenda yekha. Iwenso Yohane usazembe, ati nzachizimayi. Kodi udzakwatira chitsa iwe? Khala apa.

Amanu sanapenge. Mwezi ukuwatsazika, basi. Mkazi aliyense amene Mulungu wamusunga mpaka imvi zoyamba amafikapo pamenepa. Kusamba kuja munayamba inu atsikana, n'kumayenda mozemba ngati mwaba nkhuku, kuli ndi tsiku lake lothera. Koma sikutha mwaulemu ayi. Kumatha ngati mvula yomaliza: lero yagwa, mawa yakana, mkuja yakokolola mlatho. Chaona mnzako chapita, Rute, mawa chiona iwe.

Mumandifunsa kawirikawiri chifukwa chake agogo anu aamuna anaikidwa ku Goliati pomwe ine ndikukalambira kuno ndekha, ndipo ndimakuuzani kuti mukule kaye. Popeza mwafika poseka akulu, ndiye kuti mwakula. Chimene mukusekachi ndicho chinandilanda mwamuna, ndipo sanali mwamuna woti n'kutaya.

Ife sitinabadwire m'tiyi muno ngati inu. Tinachokera kutsidya, kwa Apwitikizi, tikuthawa chikoti ndi msonkho wakumeneko. Ndinali namwali wongotuluka kumene kuchinamwali, nditavala nyanda, khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa. Inu mumalira nsalu ikangosuluka pang'ono, mukanavala nyanda yonyowa ndi mvula mukanadziwa kulira kwenikweni. Pamutu ndinasenza mtolo wa mbewu ya chinangwa ndi kathumba ka kalongonda. Amayi anga anadwala m'njira, tinawaika tisanaoloke Ruo, patsinde pa mtengo womwe sindingauzindikire ngakhale mutandibereka kukafika nane pomwepo. Achemwali awo onse anatsala kumudzi. Tsiku la maliro limenelo, mnyamata wina wamfupi wa m'gulu lathu anatola mtolo wanga wa chinangwa uja n'kuusanjika pamwamba pa wake, osanena kanthu. Ameneyo ndiye agogo anu. Dzina lakuti Filipo analipeza pambuyo pake, pa ubatizo.

Kuno kunali thengo lakuda, anyani ndi nguluwe. Mzungu wa esiteti anatilandira msanga, osati chifukwa chotikonda, ankafuna anthu ogwetsa mitengo. Anatipatsa pomanga ndi kamunda, ife n'kumalipira ndi thangata, kukagwira m'munda mwake dzinja, nthawi yomwe chimanga chathu nachonso chikulirira khasu. Khofi anali atawakanika, anayesa fodya, kenaka tiyi. Mizere yobiriwira mumaiona ngati inagwa kumwambayi, zitsa zake anazula ndi agogo anu ndi anzawo, ndi nkhwangwa ndi misana yawo. Eni dziko ankatitcha Anguru odya njoka. Koma njala ikavuta ankabwera kudzapempha kalongonda wathu, osadziwa n'kaphikidwe komwe, kuti amafuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi, apo ayi amakuledzeretsa n'kukugwetsa.

A Filipo anali munthu wa mawu ochepa koma manja osakhala chete. Akaweruka kumunda wa mzungu ankakhala pakhonde n'kumang'amba nsungwi, kuluka madengu othyoleramo tiyi ndi mphasa zathu zogonera. Ankadya nane mbale imodzi, chinthu chomwe amuna anzawo ankawaseka nacho, ati ndinawadyetsa khuzumule. Iwo ankangoti, "Ngati ndi khuzumule, ngwokoma." Nkhondo ya Jeremani itabwera anawagwira mtengatenga, kukasenza katundu wa asilikali. Anabwerako nthiti zokhazokha, mapazi ong'ambika, ndipo ndinawathowa ndi madzi otentha mpaka anayambanso kuponda pansi. Ana tinabereka, tinaika, tinabereka, tinaika. Timanda tawo tili uko kunadzalidwa bulugamu wa fakitale. Anatsala amanu okha, Esinati, amene anabadwa bambo awo atabwerako kunkhondo. Mwamuna wina akanapita kalekale kukafuna nyumba yokhalitsa ana, koma iwo sanatchulepo n'tsiku limodzi lomwe.

M'nyumba mwathu munalibe kalendala ngati iyo mwapachika ya chithunzi cha basi. Tinali ndi mikanda. Mkazi akapita kumwezi ankapachika mkanda wofiira pa chikhomo chakumutu kwa mphasa, mwamuna n'kudziwa popanda wolankhula. Akayera ankapachika woyera. Masiku ofiirawo sunkathira mchere m'ndiwo, unkaitana kamwana kuti kathire, kuopa kudula anthu a m'nyumba, angatupe ndi kutsokomola. Mchere wake si woyera wa m'sitolowu, umenewo tinkauona mwa apo ndi apo pa phoso, chakudya chomwe esiteti inkagawira antchito. Masiku ambiri chinali chidulo, madzi otcheza m'phulusa, owawa kukhosi. Moyo wa mkazi unkayenda motero, wofiira, woyera, wofiira, woyera, ndipo ine mwezi wanga sunkaphonya.

Unayamba kuphonya m'zaka zija kunabwera dzombe n'kudya mpaka masamba a nthochi. Esinati anali atatha msinkhu. Poyamba unkabwera msanga, mkanda woyera usanakhalitse pachikhomo. Kenaka unkati ukabwera osafuna kuchoka, mpaka kamwana ka anansi kanatopa ndi kuitanidwa kudzathira mchere. Kenaka unasowa. Mwezi wakumwamba unaoneka n'kufa, unaonekanso n'kufa, ine osaona kanthu. Mawere akupweteka, m'mawa mseru, m'mimba ngati mwadzaza. Inu mukanati n'chiyani?

Ndinawauza a Filipo tili kumunda tikupalira. Anaika khasu pansi n'kuseka kuseka komwe ndinali ndisanakumve chibwerereni kunkhondo.

"Make Esinati, mukunena zoona? Pa ukulu uno?"

Ndinati Sara wa m'Baibulo uja anali wamkulu kuposa ine. Kuyambira tsiku limenelo sanandilolenso kusenza nkhuni. Anapita kusitolo ya mwenye n'kubwera ndi nsalu ya biriwita, ati mbereko, anaibisa kudenga kuti anthu asaone.

Tiyi akaphuka dzinja sadikira munthu. Tsiku lina ndinali m'mzere, dengu kumsana, zala zikuthyola timasamba tiwiri ndi kansonga monga ankafunira kapitawo. Ndinangomva kutentha kukutsika m'miyendo. Poyang'ana, magazi afika kuzidendene. Nthawi imeneyo tinalibe thonje la m'sitolo, tinkadalira kansanza komangirira pa mkuzi, chingwe cha m'chiuno chija, ndipo tsiku limenelo ngakhale kansanzako ndinalibe. Ndinakhala pansi pakati pa zitsamba, maso akuchita mdima, kapitawo akukuwa kutali kuti, "Mzere uwo waima chifukwa chiyani? Taimu ikutha!" Azimayi anzanga anasiya madengu, anandizinga ndi nsalu zawo n'kundinyamula mpaka kunyumba.

Tonse tinati ndapita padera, choncho anathamangira a Nachisale. A Nachisale anali mayi wamkulu wa eni dziko, wa m'mudzi wakutsidya kwa mtsinje, kunja kwa malire a esiteti. Anali namkungwi, analinso mzamba, ana ambiri a kuno anagwera m'manja mwawo, amanu omwe. Wamtali, wa mawu okhuthala, kachitini ka fodya wa m'mphuno sikankachoka pamfundo ya nsalu yawo. Kutchalitchi ankakhala kutsogolo, amuna awo a Jemusi mbali inayo, nkhalamba yowonda yokonda kugona pa ulaliki. A Nachisale akanena chinthu, ngakhale kapitawo ankavula chipewa.

Anayang'ana nsanza zija bwinobwino, anandisisita pamimba, kenaka anayamba kundifunsa. Kodi ndimadzuka thukuta lili chuchuchu pomwe kunja kukuzizira? Kodi mtima umathamanga popanda chondithamangitsa? Kodi tulo timathawa? Zonse ndinavomera, chifukwa zinali zitayamba kale, ine n'kumati ndi mimbayo.

"Munalibe mwana umu, mwana wanga," anatero. "Mwezi ukukutsazika."

Ana anga, ndalirapo maliro ambiri, koma awa anali oipa mwamtundu wina. Mwana amene kunalibe alibe manda, ndipo palibe amabwera kudzakupepesa. A Filipo anatsitsa biriwita ija kudenga n'kundipatsa kuti ndizivala. Ndinaivala mpaka inatha, ndipo tsiku lililonse ndikaimanga ndinkamva chisoni.

Nditapeza mphamvu, a Nachisale anabweranso ndi amayi ena awiri akuluakulu. Anatseka chitseko dzuwa lili pamutu, anandikhazika pamphasa miyendo yotambasula ngati namwali, n'kuyamba kuwomba m'manja mwa mwambo.

"Tamvera," anatero. "Mkazi akamasamba, mwezi umamutsuka. Zonse zimene mwamuna wasiya m'thupi zimatuluka ndi magazi. Nanga magazi akaleka, zitulukira pati? Zimaunjikana, zimaola, mimba n'kutupa, munthu n'kupita. Unamuona make Dina?"

Make Dina tonse tinamuona. Anali mnzathu wothyola naye tiyi, anafa mimba itatupa ngati mtsuko, miyendo yatsala mabango. Masiku ano anamwino akanati chinali chotupa kapena nthenda ya chiwindi, kaya, koma ife tinangoona mimbayo.

"Anakana kumva ameneyo. Iwe ukaona kuti mwezi wapitiratu, yala mphasa ziwiri. Bambo a Esinati akhale ngati mlongo wako."

"Eee, ndi mwambo umenewo," anavomera enawo.

Ndikanafunsa ndani? Kuchipatala cha mishoni dokotala anali mwamuna, mzungunso, ndipo pakati panu pankaima womasulira, mnyamata wa msinkhu wa Yohane yu. Mkazi wa mphunzitsi anali mwana, akuyamwitsa woyamba. Amati safunsa anadya phula, koma ine womufunsa ndinalibe. Komanso mudziwe ichi: mlendo amagwira mwambo mwamphamvu kuposa eni ake. Ndinkaopa kuti angati Anguru sanalangidwe, amangokhala ngati nyama. Ndinawomba m'manja n'kuthokoza.

Mwezi unasewera nane zaka zingapo usanapitiretu, ndipo m'zaka zimenezo ndinali munthu woipa kukhala naye. Mukuti amanu akukalipa? Simunaone kanthu. Moto unkayambira pachifuwa n'kukwera m'khosi mpaka m'tsitsi, nkhope kuyaka, thukuta kutsika m'msana, ndiye ukangoti wazima kumabwera kunjenjemera. Zinkandigwira paliponse, pa sikelo poyeza tiyi, m'tchalitchi pakati pa pemphero. Bulangeti ndinkalitaya, kulitola, kulitayanso, mpaka kucha osagona, m'mawa belu la ntchito lili ngo. Ndinkafika kumtsinje n'kupeza kuti mtsuko ndausiya kunyumba. Mawondo ndi zala zinkaphwanya. Tsiku lina ndinawakalipira a Filipo chifukwa chotafuna nzimbe mokweza, munthu ali pakhonde pake, ndiye nditatha kukalipa ndinakalira kuseri kwa nkhokwe osadziwa chomwe ndikulirira. Ndinkaganiza kuti wina wandilodza. Panalibe wondiuza kuti zimenezi zimagwira akazi ambiri ndipo zimapita.

Ndiye kumphasa, iwe Yohane tseka khutu limodzi koma linalo limve, thupi linauma, chomwe chinali chokoma chinayamba kupweteka. Ndinati ndi chenjezo. Pamwamba pa izo mimba inayamba kukula. Mkuzi womwe ndinavala zaka zonse unayamba kuthina mpaka ndinaulumikiza. Lero ndikudziwa kuti mkazi akafika msinkhu umenewu mafuta amasamukira pamimba, taonani amayi onse a mvano, koma panthawiyo ndinkadzigwira pamimba m'mawa uliwonse n'kumaona nkhope ya make Dina. Ndinkaopa imfa, ana inu. Ndinkaopa kusiya Esinati asanakwatiwe, wopanda mayi m'dziko la eni, ngati momwe ndinasiyidwira ine.

Chaka chathunthu chitatha osaona kanthu, ndinachotsa mikanda pachikhomo. Linali Lamulungu masana, titachokera kutchalitchi. Ndinatenga mphasa yatsopano, yoluka a Filipo omwe, n'kuiyala mbali ya kuchitseko. Analowa n'kuima.

"Kodi kukubwera alendo?"

"Ndi yanu imeneyo, bambo a Esinati."

Anayang'ana mphasayo, anayang'ana ine. "Ndalakwa chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, maso ali pansi. Anamvetsera mpaka ndinatha.

"Amayi anga anakalamba ndi abambo anga nyumba imodzi," anatero. "Sanatupe."

"Munkagona nawo m'nyumbamo kuti mudziwe?"

Anayang'ananso mphasa ija. Kenaka anati, "Chabwino. Tizingogona basi, make Esinati. Sindikukhudzani. Msana wokha, kuno kumazizira."

Ndinakana. Sindinkaopa iwo, mawu awo sankagwa pansi. Ndinkadziopa ndekha, chifukwa ndinkawafuna amuna anga. Musamve za anthu zakuti mkazi akasiya kusamba mtima nawonso umasiya.

Anagona pa mphasa ya kuchitseko chilimwe chonse, dzinja lonse, mpaka tinakolola. Sanadandaule. Anzawo ankawauza kuti atenge wachiwiri monga amachitira ena, akulu ampingo n'kumawauza kuti akangoyerekeza, mgonero auiwale. Iwo sankayankha onsewo. Koma ndinkaona munthu akufota. Nthabwala zawo zochepa zija zinatha, pa mbale ankangotola kawiri n'kusamba m'manja. Inenso kuti ndisafooke ndinkawalankhula mwaukali kuposa kale, ndinkadutsa patali ngati ali ndi nthomba.

Tsiku lomwe zinasweka ndinali pabwalo ndikupeta mapira. Anabwera kumbuyo kwanga, anandichotsa mankhusu m'tsitsi, kenaka dzanja lawo linatsikira paphewa n'kukhala pomwepo. Silinachite kanthu kena. Koma thupi langa lonse linawayankha, mantha n'kundigwira, ndipo ndinakuwa ndi mawu onse:

"Mukufuna kundipha kodi?"

Laini yonse ya nyumba inamva. Azimayi anatuluka mithiko ili m'manja, ana anasiya masewera. A Filipo anaima pakati pa bwalo dzanja lili m'mwamba, ngati wakuba wogwidwa. Pofika madzulo mbiri inali itafika kufakitale kuti munthu wofatsa uja amafuna kupha mkazi wake, ena ati ndi mpeni wa nsungwi. Ine manyazi sanandilole kufotokoza chenicheni, iwonso sakanatha.

Patapita masiku anandipeza kumunda. "Ndaganiza," anatero. "Ndikakhala pano, tsiku lina ndidzalephera kudzigwira, inunso mudzandimvera chisoni, ndiye ndidzakuphanidi. Esinati adzandiyang'ana bwanji? Bola ndichoke."

Ndinavomera. Ndipo popeza sindinkafuna kuti akhale wopanda womuphikira, ndinawalozera ndine mayi wina wamasiye wa ku Goliati, amene ankabwera kuno kudzasinthitsa miphika ndi nandolo, munthu waulemu, wachitsikana ndithu. Anachoka nyengo yodulira tiyi, zitsamba zonse zitametedwa, phiri lili zitsa zokhazokha. Asanapite anafolera denga mwatsopano, anawaza nkhuni zokwana mpaka mvula, anakonza chitseko chomwe chinkakhula pansi. Ananyamula bulangeti ndi mpeni wawo basi. Mpingo unawadula mwezi womwewo.

Amanu sanandilankhule bwino kwa nthawi yaitali. Kenaka anakwatiwa ndi abambo anu, abambo anuwo n'kulowa pa thangata m'malo mwa apongozi awo, ndiye chifukwa chake kapitawo sanandigwetsere nyumba, popeza nyumba yopanda mwamuna esiteti sinkaifuna. Thupi nalo linakhazikika pang'onopang'ono. Moto uja unayamba kubwera patalipatali mpaka unaleka, tulo tinabwerera, mutu unayera. Mimba sinakulenso koma sinaphwe, ine n'kumati ndaigwira nthawi yake. Ndinasanduka mayi wozizira, monga amanenera, woitanidwa kukalandira makanda, kukasambitsa maliro, wothira mchere tsiku lililonse popanda kufunsa. Anthu ankandigwadira m'njira. Ndikabwerera kunyumba ndinkatseka chitseko chija chosakhulanso pansi, n'kudya ndekha.

Zinakhala choncho zaka zingapo, mpaka a Jemusi, amuna awo a a Nachisale, anamwalira. Ife amayi ozizira ndife tinkakhala ndi wamasiye m'nyumba ya siwa. Tsiku lotsatira kuika, anthu atabalalika kukatunga madzi ndi kukatola nkhuni, ndinatsala nawo awiriwiri ndikuwaumiriza phala. Mayi wolimba uja anali atatheratu, akulira ngati mwana.

"Ndigona bwanji ndekha ine?" ankatero. "Chikwatiwireni sindinagonepo pandekha. Ngakhale akudwala chonchi, ankandikokera kufupi, ati ndiwafunditse."

Chipande chinaima m'manja mwanga. "Amayi, si inu munayala mphasa ziwiri kalekale?"

Anapukuta mamina ndi nsonga ya nsalu. "Yachiwiriyo imayalidwa masana, mwana wanga, kuti olowa aone."

"Nanga kutupa kuja?"

"Aa, zija timanena. Anatiuza akuluakulu, ifenso timanena, pagulu sungadumphe. Koma gulu likachoka, amako kapena achemwali awo amakukokera kuseri n'kukunong'oneza kuti usazitengere pamtima, pakauma uzidzola timafuta, ukhale ndi mwamuna wako. Ndani anatupapo? Make Dina anali ndi nthenda yake."

Ananena zimenezi mosavutika, ngati akundiuza njira ya kumsika. Kenaka anandiyang'anitsitsa, n'kuika dzanja pakamwa.

"Iwe! Unamveradi? A Filipo anachokera zimenezi? Ine ndinamva kuti ankafuna kukubaya."

Ndinaweramira mbale ya phala ija.

"Unalibe wokunong'oneza?"

Ndinapukusa mutu. Anayamba kulira mwatsopano, akundigwira miyendo, ati mwana wa eni ndakulakwira, ndinkayesa kwanunso amatero. Ndikuuzeni zoona, ndinafuna kuwamenya ndi chipande chija, mayi wamasiye, m'nyumba ya siwa. Sindinakwiyepo chotero moyo wanga wonse. Ndinaika mbale pansi n'kutuluka, ndipo maliro awo atafika nthawi yake ndinapita kukawasambitsa chifukwa inali ntchito yanga, koma sindinalire.

Ndiye chifukwa chake inu sindikukunong'onezani. Ndikukuuzani masana, pakhonde, mnyamata ali pompano. Amanu ndinawauza kale, ndi abambo anu omwe, mpaka anasowa poyang'ana, mpongozi kumuuza mkamwini zotere. Moto ukawagwira amanu, atungireni madzi, musawaseke. Akakukalipirani popanda chifukwa, dziwani kuti sanagone. Magazi akachuluka mpaka kuwafooketsa, kapena akadzabwerera atasowa chaka chathunthu, musati ndi ukalamba chabe, aperekezeni kuchipatala msanga, poti masiku ano kuli anamwino aakazi olankhula chinenero chathu. Ndipo tsiku lina munthu wamkulu akadzakuuzani chinthu chakuti musiye munthu amene mumamukonda, mufunse wachiwiri ndi wachitatu, kenaka mufunse ngati iye mwini anachita.

Taimani, sindinathe. Iwe Rute, makoko uponye uko, osati m'lichero.

M'mawa mwake mwa tsiku la kusiwa lija ndinanyamuka wa ku Goliati. Kunalibe basi, ndinayenda pansi, kudutsa m'minda ya tiyi ya eni osiyanasiyana, kenaka m'midzi ya chimanga ndi nthochi. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikafika ndingowauza kuti linali bodza, bambo a Esinati, tiyeni kwathu. Nthawi zina ndinkathamanga ndithu, mayi wa imvi, anthu n'kumandiyang'ana.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, mutu wonse mbuu. Kamnyamata kanali pamiyendo pawo kakuwakoka ndevu, kena kakukwawa pafupi. Mkazi wawo anatuluka m'nyumba ali ndi pakati pooneka, anandigwadira, ananditcha amayi aakulu, n'kuthamangira madzi akumwa. Ndinayesa kumuda, zinakanika.

A Filipo anadzuka kamwanako kali m'manja. Anandilonjera m'Chilomwe, monga tinkachitira tili awiri, koma maso awo anathamangira pamimba panga.

"Sinapitirire?"

"Sinapitirire."

"Mulungu ngwabwino," anatero. "Lamulungu lililonse ndimakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, popeza kumgonero sandilola. Ndimaona anzanga akupita kutsogolo, mtima n'kuwawa. Ndiye ndimati, palibe kanthu, bola make Esinati ali moyo. Ndikanaumirira, bwenzi pano tikulambula pamanda panu." Anakhazika kamwanako pansi. "Nanga mwayenda ulendo wonsewu, kwagwanji? Esinati ali bwino?"

Mawu aja anali pakamwa. Ndinayang'ana tiana tija, ndinayang'ana mayi woyembekezera akubwera ndi chikho cha madzi atachigwira ndi manja awiri. Kubwerera sakanatha, madzi akatayika saoleka. Chomwe ndikanawapatsa n'kudziwa kuti nyumba yawo, mpingo wawo ndi dzina lawo anazitaya pachabe. Munthuyu anali ndi chinthu chimodzi chomugoneka tulo, ndipo ine ndinali nditayenda tsiku lonse kudzamulanda.

"Kulibe chagwa," ndinatero. "Ndabwera kuti mundione kuti ndili moyo. Munachita bwino kuchoka."

Misozi inatsika m'ndevu zawo, akumwetulira. Anakuwira mkazi wawo kuti agwire tambala wamkulu uja, lero kwabwera mlendo woposa alendo. Sindinawauze tsiku limenelo, sindinawauzenso tsiku lina lililonse mpaka anamwalira. Anakhala pambali panga akundiyang'ana ndikudya, n'kumandikankhira ziwalo zonona. Nkhukuyo ndinaidya yonse, ndi mafupa omwe ndinatafuna, kuti pakamwa pasapeze mpata wolankhula.